Poizoni Akavula Jekete

9 Juni

Wokondedwa make ana,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko, inu, mwana wathu ndi mkamwini, osaiwala Kambuzi, mdzukulu wanga wodya chilichonse chimene wachipeza pansi? Ine kuno ndili bwino. Bondo lokha ndi limene limandiuza za nyengo, koma bondo ndi mnzanga wakale, sitisungirana chakukhosi.

Musadabwe ndi zilembo zachilendozi. Amene ankandilembera uja anasamuka, ndiye cholembera chagwidwa ndi mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, dalaivala wa kuntchito kwathu. Timamutcha Giyabokosi chifukwa cha mkonono wake. Amayamba ndi giya yoyamba, pofika m'mawa amakhala akubwerera chambuyo. Akuti ndisanene zimenezi, koma walemba kale. Munafunsa kuti bwanji osangoimba foni. Mayi, nkhani zanga inu mumazidziwa. Foni imatha ndisanamalize n'komwe moni.

Nkhani yaikulu ndi yakuti ntchito yosesa pamsika ija ndinaisiya. Pano ndili pa nyumba yoyezera madzi, chipinda choyera mbee, chozizira ngati m'firiji, mazenera osatsegula. Ntchito yanga ndi kutsuka mabotolo ndi timakapu tagalasi. Musaseke, si kutsuka kwa mbale uku. Kakapu kamodzi kamasamba kuposa mkwatibwi.

Bwana wanga ndi mayi wamfupi, dokotala wa madzi osati wa anthu. Ndinawatcha Anamagalasi, poti amavala magalasi awiri, ena pamwamba pa anzake. Chilankhulo chathu sachidziwa, ine chizungu changa ndi cha moni ndi pepani, ndiye timamvana ndi manja. Zikakanika timaitana Giyabokosi.

Tsopano tcherani khutu, ndikuuzeni zimene zimachitika m'chipindamo. Giyabokosi amapita ndi galimoto kukatunga madzi m'mitsinje ndi m'ngalande. Anamagalasi amathira pang'ono m'kakapu ngati ka mankhwala a chifuwa, n'kuviikamo timitengo titatu tokhala ndi mawaya. Kamodzi kali ndi nsonga yakuda yonyezimira ngati diso la nkhuku, ndipo kameneko ndimakapukuta ndine, pa kansalu konyowa ndi ufa woyera, kuzunguliza dzanja pang'onopang'ono mpaka kawale. Akatero amapoperamo mpweya wa m'chibotolo chachikulu kuti uthamangitse mpweya wathu wopumawu, akuti umasokoneza umboni. Kenako amalowetsa magetsi, osati mwaphuma ayi, mwakachetechete ngati munthu wokafunsira mbeta. Pa kompyuta pamayamba kuyenda kamzere, tambalala ngati msewu. Madzi akakhala ndi poizoni, kamzere kaja kamadzuka n'kupanga phiri. Phiri likakula, poizoni ngwambiri. Zonsezi amachitira m'kabati yagalasi imene imakoka mpweya, kulira kwake fuuu tsiku lonse. Chifukwa chake sindinafunse, mwina ndi ukhondo chabe.

Poizoniyo dzina lake aseniki. Alipo wamaliseche, alipo wina wovala jekete, ndiye kuti wakulungidwa ndi mankhwala ena. Amene timasaka ife ndi wa jeketeyu. Dzina lake lenileni limaluma lilime, limamveka ngati la munthu, ndiye ine ndimangoti a Lokisoni. Akuti m'makola akuluakulu ena ankawathira m'chakudya cha nkhuku kuti zizinenepa msanga ndiponso zisamadwale m'mimba. Kwambiri analetsa, koma mukudziwa, choletsedwa chili ndi miyendo. Nkhuku nayo siwasunga a Lokisoni, imawatulutsa m'zitosi. Mvula ikabwera imawanyamula, ulendo wa kumadzi.

Ndatumiza kangachepe kudzera kwa wa basi uja. Mugule chingwe chatsopano cha pachitsime, chakalecho chidzakugwetserani ndowa. Kuno sopo wamera mapiko, anyezi timangomupatsa moni podutsa. Za mapepala anga okhalira m'dziko lino musafunse kaye, tidzakamba.

Ndine mwamuna wanu,
bambo a ana.

7 Julayi

Make ana,

Moni nonse. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndasangalala kumva kuti Kambuzi wamera mano ena awiri. Mubise sopo ndi makandulo. Ine ndili bwino, Giyabokosi ali ndi chimfine, ndiye injini ikulira mwachilendo.

Koma mayi, ine ndinakusimbirani nkhani yoti museke, inu mwaisandutsa maliro. Mukuti chiwerengereni kalata ija tulo sitikubwera, chifukwa cha mulu wa zitosi umene alamu anga amakubweretserani kuchokera ku makola aakulu kumene amagwira ntchito. Mukuti muluwo uli kumtunda kwa chitsime, ndipo kangalande kake kamatsetserekera komweko. Kunena zoona ndinali nditaiwala. Ndakhala pansi n'kuliona bwalo lonse m'mutu, muluwo, dimba la masamba, chitsime chimene ndinakumba ndi manja anga awa tili achinyamata, inu mukukoka dothi ndi ndowa uku mukundinyoza kuti ndikukumba manda. Ndiye mukufunsa kuti, kodi a Lokisoni anuwo sanalowe m'chitsime chimene Kambuzi akumwa?

Mtima pansi. Mwamuna wanu ali pamalo pamene poizoniyo amamuweta ngati mbuzi.

Tamvani. Anamagalasi akamagwira ntchito pali mawu amodzi amene sachoka pakamwa pawo. Ridyusi, ridyusi. Phiri likadzuka amaloza n'kunena kuti, waona, waridyusika. Ine khutu langa silitaya kanthu, ndinawasunga mawuwo mpaka kunyumba. Ndinamupeza Giyabokosi akusita malaya.

Ndinati, "Iwe wa sukulu, kuridyusa n'kutani?"

Iye osatembenuka n'komwe, anati, "Madala, zimenezo mpaka kufunsa? N'kuchepetsa."

Ndinati, "Usandiyankhe ngati ukuthamangitsa ntchentche. Ukutsimikiza?"

Anaika simbi pansi. "Ine ndakalambira pamsewu. Paliponse pokhota pali chikwangwani, ridyusi sipidi, chepetsa liwiro. Ndikanakhala kuti sindiwadziwa mawu amenewa bwenzi mukulankhula ndi mtembo."

Mwamva? Ntchito yathu kuno ndi kuchepetsa poizoni ndi magetsi. Ine ndimaona ngati timangomuyang'ana, osadziwa kuti tikumupha. Ndipo ndikayang'anitsitsa, nzeru yake si yoopsa monga amaionetsera ophunzirawa. Madzi, zitsulo zoviika, magetsi, basi. Zina zonsezi, magawuni oyera, magalasi awiri, ndi zokometsera ukwati. Ngakhale mkamwini wathu ndi batire lake lotchajira mafoni a anthu lija akhoza kuchita, atakhala ndi mutu. Mumuwerengere bwino pamenepa, amve kuti apongozi ake pano ndi munthu wa sayansi.

Ndiye gonani tulo. Zitosizo musakangane nazo ndi alamu, mukudziwa mmene amatupira akauzidwa zoona.

Nsapato za Kambuzi ndaziona pa sitolo ina, zofiira, koma mtengo wake unandibweza pakhomo. Ndikuzizungulira kaye. Manja anga akusuwa pang'ono ndi sopo wa kuntchito, koma si nkhani.

Ndine wanu yemwe uja.

11 Ogasiti

Make ana,

Moni wa chimwemwe. Ndili bwino kwambiri, bondo lomwe likuvina.

Kalata ya mkamwini yandipeza. Ayi, mwana uja ndinkamuderera. Ndinkati amangodziwa kudya ndi kukweza wailesi, koma mutu ulimo. Akuti anatenga dramu, n'kudzaza madzi a pachitsime, n'kuviikamo mawaya awiri ofiira a kopa, n'kulumikiza ku batire. Akuti madziwo anayamba kutulutsa tithovu, anthu n'kusonkhana ngati kwabwera kanema. Giyabokosi atandiwerengera ndinamuuza abwereze, ndipo atabwereza ndinamuuza abwerezenso, mpaka anati mmero wake si wa boma.

Mkamwini akudandaula kuti inu mukukayika, mukuti madziwo akusintha mtundu, akubiriwira, ndiponso tiyi wake akumveka misomali. Mayi, mayi. Nkhuku ikamafa simaphupha? Ameneyo ndi poizoni akutsanzika. Mankhwala okoma munawaona kuti? Inu chikhalireni mumakayika chilichonse chimene chabwera ndi ine. Njinga munaikayika, wailesi munaikayika, ine ndemwe munandikayika mpaka ana atabadwa.

Ndiye ndikulamula monga mwini khomo. Madzi akumwa azichokera m'dramu. Makamaka Kambuzi, asalawenso a pachitsime osachepetsa. Anansi akafuna, apatseni, koma adziwe kumene nzeruyo yachokera.

Kuntchito zikuyenda. Sabata ino Anamagalasi akhala akusewera ndi a Lokisoni ngati mphaka ndi mbewa. Akathira kadontho kowawasa m'kakapu, phiri limasendera uku. Akathira kena kothetsa kuwawasako, limasendera uko. Akakankha magetsi kwambiri, kumadzuka phiri lachiwiri kuseri kwa loyamba, ndipo pamenepo amatsitsa chitseko cha kabati ija n'kundikankhira kumbuyo ndi chigongono. Ine ndimangoseka mumtima kuti, mayi inu, mukuvutika ndi kakapu, anzanu kwathu akuchepetsa dramu lathunthu.

Ndaganiza zowauza. Munthu ukapeza njira yachidule subisa. Ndani akudziwa, mwina akamva adzandichotsa ku sinki n'kundipatsa mpando, ndipo mwina nkhani ya mapepala ija idzapeza woiyankhulira. Giyabokosi akuti akanditanthauzira bwinobwino, bola ndikakwezedwa ndisamuiwale, poti mawu oyamba anawamasula ndi iye.

Mumuuze mwana wathu kuti nsalu anapempha ija ndaimva, koma mwezi uno wa nyumba watikwezera. Akuti madzi akwera mtengo. Ndinangoti, bambo, mukulankhula ndi katswiri wa madzi.

Ndine wanu,
wa sayansi.

14 Ogasiti

Make ana,

Moni. Ndili bwino. Ndikulankhula nditaimirira pa depoti, basi ikulira, Giyabokosi akulembera pabondo.

Madzi a m'dramu musamwe. Ndabwereza, musamwe. Kambuzi asawayandikire n'komwe. Mkamwini achotse mawaya lero lomwe, ndipo pochotsa asaweramire m'dramumo, asanunkhize. Madziwo akatayidwe kutali ndi chitsime, kutali ndi dimba. A pachitsime nawonso asiyeni kaye, muzikatunga ku mjigo wa kusukulu, ngakhale ndikudziwa kuti ndi kutali ndipo msana wanu si wa lero.

Zimene ndinalamula m'kalata yapita ija zifafanizeni. Ngati wina wamva m'mimba, kusanza kapena mutu, athamange kuchipatala, osadikira kuti tione mawa.

Foni yanu ndaimba mpaka chala kuwawa, yazimitsidwa. Ya mwana wathu chimodzimodzi, ya mkamwini chimodzimodzi. Mwatani kodi? Wa basi ndamugwira mkono kuti akupatseni m'manja mwanu, osatuma munthu.

Ndiyankheni msanga. Mungondiuza za Kambuzi.

Ine.

25 Ogasiti

Make ana,

Ndikupereka moni, ngakhale sindikudziwa kuti ukupezani muli bwanji. Yankho lanu silinafike, mafoni akadali chete. Ine ndili bwino, kungoti chakudya chikumatsika mokakamiza. Lero Lamulungu, ndakhala pakhonde, ndiye ndati ndikufotokozereni zonse mwadongosolo, poti kukhala chete kukundidya.

Tsiku lija ndinadikira nthawi ya tiyi. Ndinakonza kolala, n'kumukoka Giyabokosi, n'kukaima pamaso pa Anamagalasi.

Ndinati, "Uwauze kuti kwathu ntchito yawoyi taitha kale. Tikuridyusa dramu lathunthu."

Iye anatembenuza m'chizungu, manja akuvina. Anamagalasi anaseka kaye, kuganiza kuti ndi nthabwala zanga za masiku onse. Kenako anayamba kufunsa. Dramu la chiyani? Batire lanji? Mawaya otani? Zitosi zachokera kuti? Ine ndikuyankha chifuwa chili patsogolo. Ndiye anafunsa funso lalifupi, Giyabokosi n'kunditembenukira.

"Akuti madziwo mumatani nawo?"

Ndinati, "Timamwa. Ndi mdzukulu yemwe."

Mayi, anavula magalasi onse awiri. Chiyambireni ntchito ndinali ndisanawaonepo maso awo. Anaika kapu pansi, anatenga pepala, analemba manambala awiri akuluakulu, faifi ndi fili. Manambala ndimawadziwa, musaiwale kuti ndinagulitsapo makala.

Zimene ananena, monga anandipatsira Giyabokosi, ndi izi. Kwa iwo a sayansi, kuridyusa si kuchepetsa poizoni ayi. Poizoni sachoka m'kapu ngakhale kadontho. Magetsi amangomupatsa timbewu tawo tosaoneka ndi maso, iye akalandira amasintha khalidwe. Chimene chimatsika ndi nambala imene iwo amamulembera papepala, kuchoka pa faifi kufika pa fili. Ndipo wa fili ndiye wolusa kuposa wa faifi. A Lokisoni akakhala m'jekete lawo amakhala ofatsako. Ukawakankha ndi magetsi amayamba ndi kusintha mabatani, ukapitiriza jekete limatha kuvuka, ukakankhabe amathawa m'madzi n'kusanduka mpweya wonunkha ngati adyo, woti kuupuma kokha ndi ulendo. Kabati yolira fuuu ija ntchito yake ndi imeneyo. Ine ndimati ukhondo.

Ndinafunsa kuti, nanga makinawa ndi achiyani ngati sachapa madzi? Anati si ochapira, ndi ofunsira mlandu. Timamutsina poizoniyo kuti adziulule, phiri lija ndi kukuwa kwake. Ndipo kubiriwira kumene inu munakuona, akuti si poizoni akufa, ndi waya weniweniyo akusungunukira m'madzi. Ndiye kuti ngakhale chitsime chikhale chabwino, dramu lija likuphika matenda akeake.

Giyabokosi anayesa kudziteteza. "Koma madamu, pamsewu ridyusi n'kuchepetsa!"

Iwo anati, "Pamsewu, inde."

Ine pamenepo zinandilowa bwino. Ndinakumbuka pamowa. Munthu akaimirira n'kuvula jekete, thupi limaoneka lachepa ndithu, koma si nthawi yomupatsa mwana kuti anyamule.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, mayi, mboni ndi inu. Kungoti ndinafunsa dalaivala. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Lemba, iwe, usadumphe, ndikuona dzanja laima.

Wolembane ndikuti, amayi, ine ndinangomasulira mawu amodzi. Za dramu ndi batire sizinatuluke m'kamwa mwanga.

Mwamumva? Chabwino, mlanduwu tigawana ngati chipinda, iye ku khoma, ine ku chitseko.

Tsopano Anamagalasi akuti mutumize madzi awayeze okha, ulere. Mabotolo awiri a madzi ogula aja, osati a mafuta kapena a mankhwala. Lina mutunge pachitsime, lina m'kangalande kochokera ku zitosi, ngati kauma mukumbe pang'ono pamene pamakhala chinyontho. Mulitsukuluze botolo ndi madzi omwewo musanadzaze, mudzaze mpaka pakamwa, mutseke zolimba. Anena mosabisa kuti phiri likadzuka pa madzi a pachitsime, chitsimecho n'chokwirira. Ndinangoti chabwino. Pobwerera ku sinki ndinaswa kakapu, koyamba chiyambireni.

Bwana wa m'chipinda cham'mwamba anandiitana za kakapuko, n'kufunsanso za mapepala aja. Zimenezo zisiyeni.

Nsapato zofiira zija ndagula. Zili pansi pa pilo. Ndiyankheni.

Mwamuna wanu.

8 Seputembala

Make ana, mkazi wanga, mayi wanzeru kuposa onse a magalasi,

Moni! Ine ndili bwino, ndadya kawiri lero, ndipo Giyabokosi akuti ndimuchotsere dzanja paphewa kuti alembe zowongoka.

Kalata yanu yafika pamodzi ndi mabotolo. Wa basi akuti galimoto inamufera panjira, anagona masiku kudikira chitsulo. Ndinamukhululukira ndisanamve n'komwe, poti maso anga anali pa envelopu.

Ndamuuza Giyabokosi alembenso mawu anu muno, kuti akadzatayika ena, ena adzatsale. Mwati, "Bambo, ndakhala nanu mpaka imvi, mukuona ngati sindidziwa kuti nkhani zanu timayamba tasefa tisanamwe? Madzi obiriwira ine ndimwetse mwana? Chiyambireni mantha aja Kambuzi amamwa a ku mjigo. A m'dramu ndinkakolopera."

Mayi, m'moyo wanga wonse sindinakondwepo chonchi ndi kusamveredwa. Pitirizani. Ndikadzalamulanso monga mwini khomo, muzidzangoti inde bambo, n'kuchita zanu.

Ndiye mukuti amene anamwa ndi mkamwini yekha, makapu awiri pamaso pa anthu pofuna kuonetsa kuti sayansi siopsa, ndipo anatsegula njira yatsopano yopita kuchimbudzi, udzu sunamerebe. Mwachita bwino kumuperekeza kuchipatala. Mumuuze kuti apongozi ake akupepesa, ndipo akumutcha ngwazi. Za mafoni nazo ndamva. Batire linafera m'dramu, mudzi wonse n'kukhala wopanda potchajira, ine kuno ndikuimba mpaka kulira, osadziwa kuti amene anazimitsa mafoniwo ndine ndemwe. Ndatumiza kangachepe kuti kathandize pa batire lina. Limenelo likhale la mafoni basi, lisaone madzi ngakhale a mvula.

Mabotolo afika bwino. Nzeru yanu yomanga kansanza kofiira pa la m'ngalande ndi koyera pa la pachitsime, Anamagalasi aikonda, akuti ena ophunzira amawatumizira mabotolo osadziwika mutu ndi mchira. Awaika m'firiji, pali mzere wa ntchito za eni ake, athu alowa ikatha imeneyo.

Ndiye mtima wanga theka wakhala pansi, theka ukadali chiimire. Mukuti msana ukuvuta ndi mtunda wa ku mjigo, ndipo masamba m'dimba ayamba kugona chifukwa mukuopa kuthirira. Pirirani pang'ono. Ndikamatsegula firiji ija ndimalipatsa moni botolo la kansanza koyera. Ndimati, iwe ndinakukumba ndine, usandichititse manyazi.

Wanu.

22 Seputembala

Make ana,

Moni kwa inu, kwa mwana wathu, kwa ngwazi ya m'dramu, ndi kwa Kambuzi. Ine ndili bwino. Khalani pansi, muitane onse, wowerenga akweze mawu.

Lachinayi m'mawa Anamagalasi anatulutsa mabotolo athu. Kamtengo ka diso la nkhuku kaja ndinakapukuta mpaka ndinadziona nkhope, ndi makwinya omwe. Giyabokosi anayenera kupita kumtsinje, koma anapeza chifukwa, akuti tayala likumukayikitsa, n'kudzaima kumbuyo kwanga.

Anayamba ndi la kansanza kofiira. Anathira, anapopera mpweya, analowetsa magetsi. Kamzere kanayenda, kanayenda, kenako n'kudzuka. Silinali phiri lalikulu, linali ngati chulu, koma chulu ndi chulu. Anamagalasi anagwedeza mutu n'kuloza. A Lokisoni, pakhomo panga, m'ngalande yanga, atakhala mwendo pamwamba pa unzake.

Ndinatsuka kakapu, ndikuopa kuswa kachiwiri. Ndinapukutanso diso lija. Anathira a kansanza koyera.

Mayi, inu mukudziwa kuti ine nkhani yopanda chokwera sindiifuna. Munthu akamasimba zoti ndinapita, ndinafika, ndinabwerera, ndimamulanda n'kuikamo mkango. Koma tsiku limenelo ndinapempha nkhani yozizira. Kamzere kananyamuka. Kanafika pamene panadzuka chulu paja, ine mpweya ndagwira. Kanadutsa. Kanangoyenda tambalala, ngati msewu wa pachigwa, wopanda ndi mwala womwe, mpaka kukagunda kumapeto kwa galasi.

Giyabokosi anati, "Madala, pumani, mugwa."

Ndinati, "Uwauze abwereze."

Anabwereza, chimodzimodzi. Anamagalasi sanakhutire, anatumiza otsalawo ku makina aakulu a m'chipinda cham'mwamba, amene amagwira ndi poizoni wamaliseche yemwe. Yankho labwera dzana. Chitsime chili bwino. Akuti dongo limene ndinkalitukwana pokumba lija ndi limene latchinga. Nkhani yokoma chonchi, yopanda phiri, yopanda mkango, sindinaimvepo.

Koma tamverani malangizo, ndipo awa si anga, ndi a Anamagalasi, ndiye musasefe. Mulu wa zitosi uchoke mvula isanagwe. Upite kumunsi, kutali ndi chitsime, ufunditsidwe kuti madzi asaukokolole. Kangalande kaja mukakwirire. Alamu asabweretsenso za kumakola kwawo, ndipo akatupa muwauze kuti chulu ndachiona ndi maso anga. Masamba muziwathira manyowa a mbuzi zathu. Mvula ikadzatha mudzatumizenso botolo, adzayezanso. Mkamwini agwire fosholo, mphamvu zabwerera.

Giyabokosi masiku ano akafika pa chikwangwani chija amachepetsa liwiro uku akuchiyang'ana mokayika. Akuti sakudziwanso ngati galimoto ikufatsa kapena ikuvula jekete.

Wolembane ndikuti, amayi, zimenezi ndi zoonjezera.

Za mapepala, Anamagalasi analowa okha m'chipinda cham'mwamba n'kutseka chitseko. Zimene anakamba sindinamve, ndipo ulendo uno sindinafunse dalaivala. Ndingoti mwina mudzandiona mvula ikamayamba, mwina ikamatha. Nsapato zofiira ndapatsira wa basi, zisandidikire, phazi la mwana silidikira mapepala.

Mawa m'mawa mukatunge ndi chingwe chatsopano chija. Kapu yoyamba mumupatse Kambuzi, yachiwiri imwani inu, msana upume. Yanga mudzanditungira ndikadzafika, yozizira, yodzaza mpaka kutayikira. Osachepetsa.

Ndine mwamuna wanu,
wotsuka makapu.